Matayala a Pikapu ya Abambo

Germiston, ku Joni
5 Januwale 2025

Okondedwa achemwali anga a Magret,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomopo. Muli bwanji kumeneko ku Mkhumba? Bondo la amayi likuti bwanji ndi chinyezi chino? Nanga inu mutu uja unkakuvutani mwezi watha, munapita nawo kuchipatala, kapena mukungotafunabe mapilitsi a pagolosale ngati mtedza? Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga.

Mudabwa kulandira kalata ya papepala pomwe timalankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Vuto ndi lakuti foni yanu mumayiika pa laudi. Ndikamalankhula ndimamva alamu akutsokomola pambali, amayi akufunsa kuti wati chiyani, ndi nkhuku zomwe zikumvetsera. Zimene ndikufuna kunena lero ndi zoti muyambe mwawerenga nokha, mutakhala pansi.

Kalatayi ikubwera ndi a Goodman, a ku Chiringa aja amene amayendetsa thiraki ya katundu pakati pa kuno ndi Limbe. Akupatsaninso matayala anayi atsopano, omangidwa awiriawiri, olembedwa dzina lanu ndi choko. Ndi a pikapu ya malemu abambo. M'kati mwa limodzi muli jumbo ya zitenje ziwiri ndi bulangete, zimene mlamu wanu Jenifer wasankhira mwana wanu Thandiwe. Muzichotse msanga zisanayambe kununkha labala.

Za kuno ndi zomwe zija. Disembala yense pa shopu yathu ya matayala panalibe pokanda, poti aliyense wopita kwawo kukadya Khirisimasi amakumbukira matayala tsiku lonyamuka. Msana wanga unafika pokana, moti masiku atatu ndinkavala nsapato mothandizidwa ndi Jenifer. Pano wayamba kumva. Mwana wathu Chikondwero akulowa giredi 4 sabata yamawa. Ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chizulu, ndipo ndikamuuza kuti agogo ake amalankhulanso Chilomwe amandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Jenifer akuti mukapeza wobwera kuno mumupatsire kalongonda ndi makaka pang'ono, akuti pakamwa pake pasanduka pa anthu a kuno.

Tsopano ndilowe m'nkhani imene yandilembetsa.

Lamulungu lapitali munandiuza zinthu ziwiri, ndipo chichokereni tsikulo mtima wanga sunakhazikike. Choyamba, anamwino auza Thandiwe kuti asadikire tsiku lake kunyumba, popeza ndi mimba yoyamba ndipo mwana sanakhale bwino. Akuti apite kuchidikiro ku chipatala chachikulu Febuluwale akangoyamba. Chachiwiri munachinena mukuseka, kuti alamu a Dickson apereka mbuzi ziwiri kwa munthu wina wa ku Migowi n'kutenga matayala anayi akuluakulu ochoka pa galimoto ina, kuti pikapu ikwere m'mwamba isakatitimire m'matope popita ndi mwanayo. Ndinaseka nawo, koma kunali kuseka kwa pakamwa pokha.

Musandimve molakwa. Alamu ndimawalemekeza. Galimoto ija pa zaka ndi yaikulu kwa Thandiwe, ndipo pakanapanda manja awo bwenzi pano nkhuku zikuikiramo mazira. Zaka khumi akhala akuyisamala, kuyimanga ndi waya, kuyikankha m'mawa kukazizira, ndipo yatinyamulira mpunga kuchokera ku Chilwa kosawerengeka. Maganizo awo pa nkhani iyi ndi a chikondi, akufuna mwana wawo akafike. Msewu wathu ndikuudziwa, ndipo ndimamva kuti chidutsireni namondwe uja madzi anasintha njira, malo amene tinkadutsa pouma tsopano ndi dambo.

Komabe matayala amenewo asalowe pa galimoto ija. Alowe amene ndatumizawa. Pempho langa m'kalata yonseyi ndi limeneli.

Munati alamu akunena kuti limu, chitsulo chimene tayala limavalapo, ndi yomweyo, ya 14, ndipo atayesa tayala limodzi lalowa bwinobwino. N'zoona lalowa. Koma kulowa pa limu n'kwina, kukwana pa galimoto n'kwinanso. Zili ngati mwana wovala majombo a bambo ake. Phazi limalowa popanda vuto, koma akati athamange amadzipinga yekha.

Mukapeza mpata mukayang'ane m'mbali mwa matayalawo, pali manambala. Pa amene ndatumizawa palembedwa 185 R14 C. Pa a alamu, malinga ndi chithunzi chimene Thandiwe ananditumizira nditamupempha, palembedwa 215 R14. Nambala ya 14 ndi kukula kwa limu, ndipo ndi yokhayo imene anthu ambiri kwathu amayang'ana. Nambala yoyambayo ndi kutambalala kwa tayala. La 215 ndi lotambalala kuposa la 185 ndi pafupifupi zala ziwiri, ndipo matayala a mtundu uwu akatambalala amatalikanso. Chilembo cha C chikutanthauza kuti tayalalo ndi la khoma lolimba, lonyamula katundu. Pa chithunzi chija sindinachione, kaya palibe kaya foni sinagwire bwino.

Ndiye tiyeni tione chimene alamu apindule. Galimoto ikwera ndithu, koma ndi zala ziwiri zosakwana n'komwe. Achemwali, matope a ku Mkhumba a mu Febuluwale inu mumawadziwa kuposa ine, amafika m'mawondo. Zala ziwiri sizingawaopseze. Choipa n'chakuti zala ziwiri zimenezo zachotsedwa pa mpata umene umakhala pakati pa tayala ndi chitsulo cha madigadi. Galimoto ikakhala yatsopano mpatawo umakhala waukulu, ukhoza kubako pang'ono osaona vuto. Yathu ija masipuling'i ake anatopa kale, inakhala pansi ndi ukalamba. Mpata umene watsala ndi wochepa, ndipo ndi umene alamu akufuna kudyako.

Pabwalo, ili yopanda katundu, izioneka bwino kwambiri. Anthu adzayiyamikira kuti yasanduka yatsopano. Koma tsiku lopita kuchidikiro siidzakhala yopanda katundu. Kutsogolo kudzakhala alamu, Thandiwe ndi inu. Kumbuyo kudzakhala apongozi ake a Thandiwe, thumba la ufa, mitolo ya nkhuni, ndowa, mapoto, mphasa, ndi munthu aliyense amene adzakweze dzanja m'njira, poti alamu mawu oti ayi sawadziwa. Bodi idzatsika. Pa bampu iliyonse, pa kona iliyonse, tayala lidzakhudza chitsulo. Chitsulocho chimadula khoma la m'kati, kumene munthu woima panja saona. Phokoso lake ndi laling'ono, ndipo injini yathu ija ikamalira simungamve ngakhale munthu akukuwa kumbuyo. Limadulika pang'onopang'ono, kenako limaphulika, ndipo silisankha malo. Likhoza kuphulika pa mlatho.

Palinso zina. Tayala lalitali limalemetsa injini yokalamba pa chitunda, ndipo mabuleki amavutika kuliimitsa pa mtsetse. Komanso pa chithunzi chija ndaona manambala ena anayi ang'onoang'ono, 3113. Amenewo amanena tsiku limene tayala linapangidwa, sabata ya 31 chaka cha 2013. Mano ake akuoneka akadalipo, n'chifukwa chake alamu anakopeka, koma labala ya zaka khumi ndi chimodzi imakhala itauma ngati chikopa cha pa ng'oma yakale. Mukapinda khoma lake ndi chala mudzaona timing'alu.

Mwina pofika pano mukuti mlongo wangayu wadzaza pepala ndi manambala pofuna kuonetsa kuti ndi fundi wa ku Joni. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Zinthu izi sindinaziphunzire kuno. Ndinaziphunzira pa mtsetse wa ku Fort Lister chaka cha 2009, ndipo amene anavulala nazo ndi abambo.

Mukukumbuka kuti chaka chimenecho ndinali nditangomaliza kuphunzira ntchito pa galaja ina ku Limbe, ndipo mwini wake anali atalonjeza kundilemba. Ndinabwera kumudzi nyengo ya nandolo, nditavala ovolosi yatsopano imene ndikanatha kupita nayo ngakhale kutchalitchi. Ndinabweretsa matayala anayi aakulu amene kasitomala wina anasiya pa galajapo. Ndinkafuna mudzi uone kuti mwana wa a Sitima wabwera ndi luso. Ndinawaika pabwalo dzuwa likuswa mtengo, anthu ataunjikana. Inu munali kumtondo, Thandiwe akukukokani chitenje.

Nditatsitsa jeke, abambo anazungulira galimoto kawiri. Kenako anagwada pa tayala la kutsogolo, n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi, n'kunena motsitsa mawu kuti malo achepa. Anali munthu amene anayendetsa malole a ku esiteti ya tiyi ku Mulanje zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Ine ndinawayankha mokweza, pamaso pa anthu onse aja, kuti zimenezo ndi zakale, m'tauni aliyense akuika otere masiku ano. Anthu anaseka. Abambo anadzuka, anapukuta dzanja pa buluku, n'kunena kuti chabwino, fundi wanena.

Patapita masiku awiri ananyamula matumba a nandolo kupita nawo ku Muloza kudzera ku Fort Lister, mai Eneless oyandikana nafe aja atakhala pamwamba pa matumba. Zimene zinachitika potsika mukuzidziwa. Pikapu inalephera kona n'kugwera m'chigwembe. Abambo anathyoka nthiti ndi chiuno. Mai Eneless anathyoka mwendo, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina.

Zimene simukuzidziwa ndi izi. Tsiku lotsatira kuchipatala, amayi atatuluka kukatunga madzi, abambo anandikodola kuti ndisendere pafupi. Anandiuza kuti ndipite msanga kumene kuli galimoto, ndikayang'ane tayala la kutsogolo kumanzere, mbali ya m'kati, ndipo ndikalichotse munthu wina asanalione. Ndinakwera njinga n'kupita. Ndinapeza anthu a kumeneko atayikoka ndi ng'ombe n'kuyiimika pakhomo pa munthu. Tayalalo kunja linkaoneka latsopano, mano onse ali pompo. Koma m'kati munali mzere wozungulira tayala lonse, wodulidwa ngati ndi mpeni, ndipo m'mphepete mwa chitsulo cha madigadi munkanyezimira ngati khasu lochokera kumunda. Sipanafunike wina wondifotokozera. Ndinalichotsa, ndinaligubuduzira kutchire, n'kuliponya m'dzenje.

Nditabwerera ndinawauza zimene ndinaona. Anangogwedeza mutu. Anati ndibwezeretse matayala a msinkhu wakale, ndipo wina akafunsa ndinene kuti aakuluwo amadya mafuta. Madzulo ake kunabwera alongo awo a mai Eneless, atakwiya, akufuna kudziwa chimene chinachitika. Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi. Abambo anawauza kuti kona sanayione bwino, maso ayamba kuwavuta, ndipo analakwa kunyamula munthu akudziwa zimenezo. Anapepesa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinatsegula pakamwa n'kukana. Sindinatero. Ndinamva kupepukidwa, achemwali. Chimenechi ndi chimene chimandichititsa manyazi kuposa tayala lija.

Anthu aja atachoka, abambo anandiuza chifukwa chake. Anati nkhalamba ikalakwitsa ndi maso anthu amayimvera chisoni, koma fundi akagwetsa galimoto pa ntchito yake yoyamba palibe amene adzamupatsenso sipanala, kuyambira ku Migowi mpaka ku Limbe. Anati iwo galimoto ayendetsa zakwana, ine ndinali ndisanayambe n'komwe. Ndipo anawonjezera kuti mlanduwo ndi wawonso, chifukwa anaona ndi dzanja lawo kuti malo achepa koma anakhala chete poopa kundichititsa manyazi pagulu.

Zotsatira zake munaziona nokha, kungoti simunkadziwa chimene mukuona. Amayi anatenga makiyi n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje. Anakawagulira magalasi pamsika, a mafelemu akuda aja, ndipo tsiku lililonse ankawafunsa ngati awavala. Akakangana pa nkhani ina iliyonse, ngakhale ya mchere, amayi ankamaliza ndi kuwakumbutsa kuti makani awo anapundula mwana wa eni. Kutchalitchi anthu anayamba kuwagwira dzanja pokwera masitepe. Iwo ankangothokoza. Munthu amene ankadziwika Phalombe yense ndi chiwongolero anakhala zaka zisanu akukwera kumbuyo kwa galimoto yake yomwe, mpaka tsiku limene tinawanyamuliramo komaliza.

Tsiku lina, chaka chisanathe chichitikireni ngoziyo, ndinabwera kuchokera ku Limbe n'kuwapeza pansi pa mtengo wa mango. Thandiwe anali atapondera minga, ndipo iwo ankamuchotsa ndi singano, magalasi atawakankhira pamphumi. Kaminga kake kanali kakang'ono moti ine ndinachita kuwerama kuti ndikaone. Anakachotsa kamodzi n'kamodzi. Atatukula mutu n'kundiona, anatsitsa magalasi aja n'kuwabwezera pamphuno. Ndikaganiza bwino, ulendo wanga wa ku Joni unayambira pamenepo. Ndinkanena kuti ndikukasaka ntchito yabwino, koma zoona zake sindinkatha kuwayang'ana atavala magalasi aja.

Kuno ndatha zaka zambiri ndikuika matayala. Munthu akabwera ndi galimoto yokalamba n'kufuna matayala aakulu kuti izioneka yaukali, ndimagwada, ndimalowetsa dzanja, ndipo ndikaona kuti malo achepa ndimakana. Ena amakwiya n'kupita kwina. Anzanga pa shopu anandipatsa dzina loti abusa, akuti ndimalalikira kwambiri. Sadziwa kuti ndikamalowetsa dzanja limenelo ndimakhala ndikuona dzanja la munthu wina.

Ndiye mumvetse chifukwa chimene sindikhalira chete. Abambo anakhala chete kamodzi kokha posafuna kuchititsa manyazi munthu amene ankamukonda, ndipo zinatha momwe zinathera. Ine alamu ndimawakonda, koma pa galimoto imeneyo padzakhala Thandiwe ndi mwana amene sitinamuone nkhope.

Tsono kawauzidwe kake ndi kamene kakufunika nzeru zanu. Ndikudziwa kuti mawu a mlongo wa mkazi amagwa molemera pa mkamwini, makamaka akachokera kutali ndi katundu pamwamba. Adzaona ngati ndikuwauza kuti pakhomopo iwo ndi mlendo, galimoto ndi yathu. Si zimenezo ayi. Ndine malume a Thandiwe, koma umalumewo sindikufuna kuusandutsa ndodo. Musawauze pagulu, ndipo musawauze pali Steve, mkamwini wawo, chifukwa munthu safuna kukonzedwa pamaso pa amene iye amamukonza. Muwapeze ali okha kudimba.

Akakana kumva za manambala, musalimbane nawo. Muwapemphe ayese okha. Aike matayala awo aakuluwo, akweze matumba olemera ngati katundu wa tsiku lija, ndi anthu anayi kapena asanu pamwamba. Apake choko chonyowa, kapena ufa wa makaka wosungunula, m'mphepete mwa chitsulo cha madigadi ndi pa masipuling'i. Akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kenako adutse pang'onopang'ono ngalande ya kuseri kwa tchalitchi ija mopingasa. Akatero atsike, agone pansi, ayang'ane makoma a m'kati a matayala. Akapeza choyera pa labala, ndiye kuti chitsulo chikukhudza. Alamu ndi munthu wa manja, akaona ndi maso awo sadzafunanso wina wowauza.

Muwauzenso kuti mbuzi zawo sizinapite pachabe. Matayala amenewo pa ngolo ya ng'ombe ndi abwino kwambiri, poti ngolo ilibe madigadi ndipo siithamanga. Awiri alowe pa ngolo, awiri akhale osinthira, ndipo atha nawo zaka akututa mpunga ku Chilwa.

Za matope asadandaule kwambiri. Amene ndatumizawa ndasankha a mano akuya. Ndipo m'matope athu aja, amene pansi pake pamakhala polimba, tayala lochepa limaboola n'kukagwira pansi, pomwe lotambalala limangoyandama n'kumaterereka. Alowe onse anayi nthawi imodzi, osati awiri lero awiri kusungira chaka chamawa, poti ndikuwadziwa anthu a kwathu ndi kusunga zinthu zatsopano pansi pa bedi. Pa akale aja asankhe labwinoko likhale sipeya. Mpweya akapope ku Migowi kumene kuli geji, osati kuyesa ndi kumenya chidendene, ndipo mlingo wake ndalemba pa kapepala kali m'jumbo ya zitenje. Akayenda ulendo woyamba abwereze kumanga manati.

Ndipo musadikire kuti Febuluwale achite kulowa. Mukaona kwacha masiku awiri osagwa mvula, nyamukani m'mawa womwewo, khasu ndi matabwa awiri zili kumbuyo. Kuli bwino Thandiwe akatope ndi kudikira kuchidikiro kusiyana ndi kuti matenda amuyambe mtsinje utadzaza.

Mukawauza alamu, mundiimbire ndilankhule nawo ndekha. Ngati kungafunike kuti amve nkhani ya ku Fort Lister kuti akhulupirire, muwauze, ndakumasulani. Ndabisala kumbuyo kwa abambo zaka khumi ndi zisanu, zakwana.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dickson, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha zonse amachita pakhomopo. Moni kwa Thandiwe ndi mwamuna wake Steve, mumuuze mwanayo kuti malume ake akumupempherera ndipo asamanyamule ndowa. Moni kwa amalume a Noah ku Chilwa ndi banja lawo lonse, kwa azakhali a ku Nkhulambe, ndi kwa ana anu aang'ono onse. Jenifer ndi Chikondwero akupereka moni. Mai Eneless muwapatse moni wamba, zinazo ndidzalankhula nawo ndekha ndikabwera pa Pasaka, poti si za papepala.

Amayi ndawasiyira dala kumapeto. Lamulungu lija, inu mukufotokoza za ulendo wa Thandiwe, ndinawamva chapatali akunena kuti bola alamu ali ndi maso abwino, osati ngati malemu amuna awo. Choncho musawapatse moni wanga musanawawerengere kalatayi, yonse, osadumpha pena paliponse pofuna kunditchinjiriza. Adziwe kuti mwamuna wawo ankaona bwinobwino mpaka tsiku lomaliza. Akamva, ngati aufuna moniwo, muwapatse. Ngati aukana, mundiuze momwemo, musandikometsere.

Koma kaya amayi andikhululukira kaya ayi, matayala okhawo alowe Thandiwe asanakwere.

Ndine mlongo wanu,
Stafford Sitima